PHUNZIRO 17: CHUKU CHOFOTETSA NTHOCHI NDI MABANJA AKE

Tiwerenge pamodzi:

Nthochi ndi chakudya.
Nthochi ndi ndalama.
Nthochi zimadwala.
Tiyeni tiziteteze.

Abale ndi alongo, ife a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Meluluca, Metangula, Messumba mpaka ku Cóbuè, timadziwa ubwino wa nthochi. Chinangwa chikachepa, nthochi zophika zimatipulumutsa. Zakupsa timagulitsa n'kugula mchere, sopo ndi makope a ana. Lero tiphunzira za mdani wa nthochi amene amakhala m'dothi. Tiphunziranso chifukwa chake nthochi yopirira matenda lero ingathe kudzagwa mawa.

MDANI WAKE NDANI?

Mdani wake ndi chuku. Tonse timachidziwa chuku chija chimamera pa nsima yogona kapena pa makaka osauma bwino. Chuku ndi mbale wake wa bowa. Koma chimene tikunena pano n'chaching'ono kwambiri, sichioneka ndi maso. Akatswiri amachitcha Fusarium. Matenda ake amati matenda a Panama, chifukwa anaononga nthochi zambiri m'dziko la Panama, ku America.

Chukuchi chimalowa m'mizu. Chikalowa chimakwera m'thunthu n'kutseka timitsempha todutsa madzi. Ndiye nthochi imafa ndi ludzu, chonsecho mvula ikugwa.

Zizindikiro zake ndi izi. Masamba akale amayamba chikasu kuchokera m'mbali. Kenaka amathyoka n'kulendewera kuzungulira thunthu ngati nsalu ya m'chiuno. Nthawi zina thunthu limang'ambika m'munsi. M'kati mwa thunthu mumakhala mizere yofiirira kapena yoderako. Chipatso chake sichidwalitsa munthu ai.

Tisasokoneze matendawa ndi chisaka. Chisaka chimafupikitsa nthochi, masamba n'kuthithikana pamwamba, ndipo chimafala ndi nsabwe za mbeu. Matenda a Panama amayendera dothi, madzi ndi mphukira.

Mbeu za chukuchi zimakhala m'dothi zaka 20 kapena 30, pena kuposa apo. Mankhwala ochiza munda wogwidwa palibe.

CHUKU CHILI NDI MABANJA

Mlendo akafika pa gombe amangoti, "Nsomba!" Koma msodzi amadziwa kuti uyu ndi usipa, uwu ndi utaka, ichi ndi chambo. Chimodzimodzi chuku. Kwa ife matenda amaoneka amodzi, koma chibadwa cha chuku chimasiyana. Akatswiri apeza mabanja oposa 20 a chuku chimenechi.

Nanga amawadziwa bwanji? Amatenga chuku cha m'munda uwu ndi cha m'munda uwo n'kuziika m'mbale imodzi. Timaulusi take tikalumikizana n'kukhala chinthu chimodzi, ndiye kuti ndi banja limodzi. Tikakanana, ndi mabanja awiri. Masiku ano amawerenganso DNA, ndiko kuti malembo a chibadwa amene ali m'chamoyo chilichonse.

Kusiyana kumeneku n'kofunika kwa mlimi. Banja lina limapha nthochi za mtundu uwu n'kusiya za mtundu uwo. Banja lina limapha mitundu yambiri. Tsidya lija la nyanja, kumpoto kwa Malawi, chuku chinagwira nthochi zophika zija kumeneko amati Harare. Akatswiri atafufuza cha m'ma 1990 anapezako mabanja angapo, ndipo ku mapiri a Misuku anapeza banja limene anali asanalione kwina kulikonse.

ZIMENE ZINACHITIKA KWINA

Kale minda ikuluikulu ya ku America inkalima nthochi ya mtundu umodzi wokha, dzina lake Gros Michel. Tikumbuke kuti nthochi sitibzala njere, timabzala mphukira. Mwana wa nthochi amatengera make pa chilichonse. Make akakhala wofooka pa matenda, ana onse ndi ofooka. Choncho chuku chitalowa, chinasesa munda ndi munda. Pofika m'ma 1950 ndi 1960 eni minda anaisiya nthochi ija.

M'malo mwake anabzala Cavendish. Nthochi yaifupi ija ambiri amati Kabuthu ndi ya mtundu umenewu. Chuku chakale chinailephera, ndipo anthu anati nkhondo yatha.

Koma ku Asia, kumene nthochi zinachokera, kunali banja lina la chuku. Dzina lake ndi TR4. M'ma 1990 linaononga minda ya Cavendish ku Indonesia ndi ku Malaysia. M'chaka cha 2013 linapezeka m'dziko lathu lino la Mozambique, pa munda waukulu wa nthochi m'boma la Monapo, chigawo cha Nampula. Aka kanali koyamba kupezeka mu Africa monse. M'chaka cha 2019 linafikanso ku Colombia, ku America.

Abale, Nampula si kutali. Ndi chigawo chogundana ndi Niassa wathu. Ndipo TR4 sapha Cavendish yekha. Amagwiranso mitundu ina yambiri.

CHUKU CHILIBE MIYENDO

Chuku sichiyenda chokha ulendo wautali. Timachinyamula ndife. Munthu apita kukacheza kwa abale ake, aona nthochi ya mkoko waukulu, apempha mphukira, aikweza m'bwato kapena m'galimoto. Mphukirayo ioneka yabwinobwino, koma m'kati muli matenda. Dothi lomata ku khasu, ku mapazi, ku matayala a njinga ndi ku ziboda za mbuzi nalonso limanyamula chuku. Madzi a mvula otsika m'phiri amachikokolola kuchoka ku munda wa kumtunda kupita ku madimba a kumunsi.

Pano tiganize bwino. Wina anganene kuti, "Kwathu matendawa alipo kale, nanga n'kuopanji mphukira za kwina?" Yankho lake ndi ili: mphukira ya kwina ingabwere ndi banja lachilendo, limene lingaphe ngakhale nthochi zimene zinapirira banja lakale. Maso athu sangasiyanitse mabanjawa. Amasiyanitsa ndi akatswiri okha, ndi zipangizo zao.

TICHITE CHIYANI?

1. Tibzale mphukira zochokera m'munda umene tikuudziwa kuti ndi wathanzi, wa m'dera lathu lomwe lino.

2. Tisatenge mphukira kapena dothi kuchokera ku Nampula, tsidya la nyanja, kapena kwina kumene sitikudziwa za minda yake.

3. Tibzale mitundu ingapo ya nthochi, yophika ndi yodya yakupsa. Banja limodzi la chuku likafika, mwina mtundu wina udzatsala. Tisataye mitundu ya makolo chifukwa cha mtundu watsopano wa mkoko waukulu.

4. Tichotse dothi ku khasu ndi ku chikwanje, kenaka tiziwambe pa moto tisanalowe nazo m'munda wina.

5. Tikaona zizindikiro zija, tisazule nthochiyo n'kumaikoka m'munda monse. Tisaitaye mu mtsinje kapena m'nyanja. Timange mpanda pozungulira kuti anthu ndi ziweto asapondepo. Tisatengepo mphukira, ndipo tisabzaleponso nthochi.

6. Tiuze mfumu, tiuzenso mlangizi wa zaulimi. Ofesi ya SDAE ku Metangula ndiyo imayang'anira zaulimi m'boma lathu la Lago. Kubisa matenda n'kupha minda ya mudzi wonse.

MAU ATSOPANO

chuku, chibadwa, mphukira, zizindikiro, mpanda

MAFUNSO

1. Kodi chuku chimalowera pati m'nthochi?
2. Tchulani zizindikiro zitatu za matenda a Panama.
3. N'chifukwa chiyani minda ya Gros Michel inatha yonse?
4. TR4 anapezeka m'boma liti, chaka chanji?
5. N'chifukwa chiyani n'koopsa kutenga mphukira kutali, ngakhale matenda alipo kale kwathu?

NTCHITO

Aliyense alembe m'kope maina a mitundu ya nthochi imene ili m'munda mwake, ndi kumene anatenga mphukira zake. Amene sanayambe kulemba bwino athandizane ndi mnzake. Tikadzakumananso tidzalemba maina onse pa bolodi, kuti tidziwe mitundu imene mudzi wathu uli nayo ndi imene yatsala kwa munthu mmodzi yekha.