Mbalame ya pa mpapaya ija ili ndi dzina



Tisanapite patali, werengani pamtima mbalame zimene mumazidziwa maina, osati nkhuku ndi abakha ayi, koma zimene zimatera pabwalo panu popanda woziitana. Ambiri a ife tikatchula khwangwala, njiwa, kadzidzi ndi mpheta, basi pathera pomwepo, zotsala zonse timangoti “kambalame”. Komatu m'Malawi muno muli mitundu ya mbalame yoposa 600. Buku la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett lotchedwa The Birds of Malawi, limene linatuluka mu 2006, linalemba za mtundu uliwonse ndi madera amene umapezeka. Phunziro la lero si la ku Liwonde kapena ku Nyika. Ndi la pakhonde panu, kuseri kwa bafa ndi m'njira yopita kumjigo.

Nyengo yabwino yoyambira ndi ino ya mphukira, kuchokera September kukafika December. Azungu amakamba za nyengo yotere mu March mpaka May, chisanu chikamatha kwawoko. Kwathu kuno chizindikiro n'china. Dzuwa lili phwee, mvula isanagwe n'dontho lomwe, mitengo ya mombo ndi tsamba imatulutsa masamba ofiirira, muwale umachita maluwa ofiira ulibe tsamba ndi limodzi lomwe, ndipo misewu ya ku Zomba, Blantyre ndi Lilongwe imayalidwa maluwa a jakaranda. Jakaranda ndi mlendo, kwawo ndi ku South America, koma kalendala yathu anaigwira bwino. Kenako chizimalupsa chikagwa, nthaka imene inkaoneka ngati yakufa imayamba kutulutsa zimene inasunga.

Zofunika n'zochepa: mphindi 15, kope ndi cholembera. Nthawi yake ndi m'bandakucha, ndiye kwa inu amene mumadzukira kale swala ya Subuhi palibe chowiringula, ingochedwaniko pang'ono kubwerera m'bulangeti. Foni ikhale m'thumba kaye. Khalani pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, osayendayenda, chifukwa mbalame imathawa chinthu choyenda kuposa chinthu chokhala. Ikatera, musathamangire mtundu wa nthenga. Yambani ndi kukula kwake, kuti kodi ikufanana ndi mpheta, njiwa kapena khwangwala. Kenako onani mlomo: waufupi wonenepa ndi wa mbalame yoswa njere, woonda wosongoka ndi wa yogwira tizilombo, wautali wopindika ndi wa yoyamwa timadzi ta m'maluwa. Onaninso mchira, ndi pamene yaima, pansi, pakati pa masamba kapena pansonga poonekera. Mtundu wa nthenga ubwere pomaliza, chifukwa kuwala kwa m'mawa kumanamiza.

Woyamba kumudziwa ndi pumbwa, mwini wake wa mpapaya uja. Mutu wakuda wokhala ndi katsumba, thupi lotuwa moderako, ndipo kunsi kwa mchira kuli chikasu chowala. Mukangoona chikasu chimenecho, nkhani yatha, ndi iyeyo. Amadya mapapaya ndi magwafa athu, inde, koma ndi yemwenso amachita phokoso njoka kapena mphaka akalowa m'mpanda. Pansi pafupi ndi pamene mumapetera mupeza achingolopiyo, tating'ono, nkhope ndi chifuwa cha buluu wowala, msana wofiirira ngati dothi, tikutola njere za udzu awiriawiri.

Ndiye pali mnthengu. Wakuda bii, mchira wogawanika ngati wa nsomba, diso lofiira, amakonda kukhala pawaya wamagetsi kapena pansonga n'kumatsika kukagwira chiwala ndi kubwerera pomwepo. Thupi n'lochepa koma mtima ayi: amathamangitsa khwangwala ngakhale mphamba, kumujompha m'mutu ali m'malere. Ali ndi kachinyengo kakenso, amatsanzira kulira kochenjeza kwa mbalame zina kuti zithawe zisiye chakudya. Pali ina yakuda yofanana naye kwambiri, koma diso lake n'loderapo ndipo mchira sunagawanike kwenikweni. Tsiku limene mudzasiyanitse ziwirizi, dziwani kuti maso ayamba kugwira ntchito.

Njiwa nazo si mtundu umodzi. Ina ili ndi kamzere kakuda kumbuyo kwa khosi, ina yaikulupo ili ndi kamzere komweko koma diso lofiira, ina yaing'ono ilibe kamzere, ili ndi timadontho pachifuwa ndipo imalira ngati munthu akuseka chapansipansi. Atchete ndiwo amasintha zovala: mvula ikayandikira wamwamuna amasanduka wachikasu ndi nkhope yakuda, n'kuyamba kuluka chisa cha udzu kunsonga ya nthambi, wamkazi n'kubwera kudzayendera. Chisa chikapanda kumukhutiritsa, mwamunayo amayambanso china. Nyengo yoswana ikatha amabwerera kukhala wotuwa, anthu n'kumaganiza kuti atchete anasamuka.

Amene amasamukadi ndi anamzeze, koma si onse. Uyu womanga chisa cha matope pansi pa denga la khonde kapena pansi pa mlatho, wa chipewa chofiira, khosi loyera ndi timichira tiwiri toonda ngati waya, ndi wa konkuno. Koma chakumapeto kwa October mumayamba kuona ena ambirimbiri atandandalika pamawaya, khosi lofiira moderako, mimba yoyera. Awa achokera ku Europe ndi ku Asia, adutsa nyanja ndi zipululu, kanthu kolemera pafupifupi magalamu 20 okha. Kuno samanga chisa, amangodzadya tizilombo ta m'dzinja, ndipo pofika April amanyamuka kukaswana kwawo. Inu amene mukuwerenga muli ku Britain, namzeze amene mudzamuone akufika kumeneko mu April wachokera ku Africa kuno.

Mlendo wina wa nyengo ino mumamumva koma kumuona n'kovuta. Amalira mawu atatu otsika, mobwerezabwereza, usana ngakhale usiku, atabisala m'masamba a pamwamba. M'mabuku a Chingerezi ndi red-chested cuckoo. Samanga chisa ameneyu. Amaikira dzira m'chisa cha mbalame ina, kawirikawiri ija ya chifuwa chofiirira ngati lalanje ndi mzere woyera pamwamba pa diso, imene imaimba mokweza m'mipanda m'bandakucha, n'kuisiyira ntchito yolera. Ndipo mukaona pakapinga mbalame yofiirira ya mlomo wautali woonda, mapiko a mizere yakuda ndi yoyera, tsumba lotambasuka ngati chikupiziro ikangotera, ameneyo ndi hud-hud, yemwe uja tinamumva ku madrasa m'nkhani ya Mneneri Sulaiman mu Surat An-Naml. Ambiri tinkamuyesa wa kutali, pamene amayenda pabwalo la sukulu.

Pa kadzidzi tisazengereze. Uja wa nkhope yoyera wogona m'denga la nyumba zakale ndi m'mashedi amakhalira makoswe ndi mbewa. Kumugenda chifukwa walira usiku ndi kuchotsa mlonda wa nkhokwe yanu yomwe. Legeni ndi ulimbo tonse tinakulira nazo, koma miyezi inoyi mbalame zili pamazira, ndipo kugwetsa imodzi ndi kupha chisa chonse.

Tsopano titsitse maso pansi. Maluwa ndi osavutirapo chifukwa sathawa, koma pamafunika kugwada. Onani tsamba, ngati masamba akuyang'anizana awiriawiri kapena akusinthanasinthana pathunthu, werengani timasamba ta duwa, onani pamene lamera, pachinyezi, pamchenga kapena pamthunzi, ndipo lembani tsiku.

Khovani, amene timamuzula m'munda tikudandaula kuti safa, ali ndi kaduwa ka buluu ka timasamba titatu, tiwiri tatikulu pamwamba ndi kamodzi kakang'ono pansi. Kamatseguka m'mawa, pofika masana kafota, n'chifukwa chake ambiri sanakaonepo. Chisoso chimene timathyola ndiwo, duwa lake si limodzi ayi, pakati pachikasupo pali timaluwa tambiri tothinana, ndipo kalikonse kamabala kambewu kamodzi kakuda ka timinga kamene kamakakamira pasiketi ndi pasokosi. Umo ndi mmene chimayendera, ndipo nachonso kwawo ndi ku America. Luni ali ndi maluwa oyera a tindevu tatitali, chewe ali ndi maluwa ngati kabelu. Theka la zimene mungalembe m'kope lanu mayi anu amazidziwa kale ngati ndiwo.

Awiri ndiwo muwagwire bwino, chifukwa apa kudziwa dzina kumapulumutsa. Woyamba ndi kaufiti, kachitsamba kafupi ka timaluwa tofiira towala, kokongola ndithu, kamene kamaoneka m'mizere ya chimanga dzinja likakhwima. Kasanatulukire pamtunda kamakhala katalumikiza kale mizu yake ku mizu ya chimanga, kakuyamwa madzi ndi chakudya, ndiye chimanga chimapinimbira ngati cha m'chilala mvula ikugwa. Chitsamba chimodzi chimabala njere zikwizikwi zonga fumbi, ndipo zimatha kudikira m'nthaka zaka zoposa khumi. Kazuleni maluwa asanasanduke njere, ndipo musakatayire m'munda momwemo. Wachiwiri ndi duwa lija lofiira ndi chikasu, la timasamba topindikira m'mwamba ngati malawi a moto, loyanga pa tchire pogwiritsa nsonga za masamba ake zopotana ngati kambedza. Limatuluka mvula ikakhazikika, ndipo ku Zimbabwe ndi duwa la fuko. Akatswiri amalitcha Gloriosa superba. Mbali iliyonse ya chomerachi ndi poizoni, makamaka mzu wake umene umaoneka ngati kambatata, ndipo anthu amafa nawo akausokoneza ndi chakudya. Ana okumba zikhawo kutchire auzidwe.

Maina muwapeza kuti? Merlin Bird ID, imene inapangidwa ndi Cornell Lab of Ornithology, ndi yaulere ndipo ili ndi zithunzi ndi kulira kwa mbalame. Pa maluwa pali iNaturalist, mumajambula n'kuika, ena n'kukuthandizani. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lili ndi nthambi m'mizinda ingapo ndi makalabu m'sukulu. Koma foni idzakupatsani dzina la Chingerezi ndi la Chilatini basi, ndipo nthawi zina imalakwitsa. Dzina la Chichewa, la Chiyao kapena la Chitumbuka lili kwa agogo, kwa abusa a ng'ombe, kwa amayi othyola ndiwo, ndipo limabwera ndi zina zimene foni ilibe: kuti mbalameyo ikayamba kulira anthu ankakonza makasu, kuti chitsambacho amachiphika ndi chidulo, kuti ichi mbuzi sizidya. Maina amasiyananso madera, wa ku Mangochi ndi wa ku Kasungu akhoza kutsutsana pa mbalame imodzimodzi onse akunena zoona. Lembani onse awiri. Mukamafunsa, musanyamule mbalame yakufa kukaonetsa ayi. Khalani nawo pakhonde, ikalira mufunse kuti, “Agogo, imeneyo ndi chiyani?”

Kuti zizibwera pafupi, ikani mbale yosaya ya madzi pamthunzi, patali ndi pobisalira mphaka, muikemo mwala woti ziziterapo. Madziwo muzisintha tsiku lililonse kuopa udzudzu. Mu October mbale yotere siitha masiku ambiri isanapeze alendo.

Ntchito ya sabata ino nayi: mbalame zisanu ndi maluwa atatu a pakhomo panu, tsiku ndi nthawi imene munaziona, dera lanu, ndi dzina limene munthu wamkulu wakuuzani. Lachisanu likudzali, Insha Allah, tidzayerekeze zimene apeza a ku Mangochi ndi zimene apeza a ku Mzuzu.