Makina a GPR: Kuona Pansi pa Nthaka Osakumba

Ku Ngwenya anthu amaphwanya miyala ya kwale, m'mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi amawola mchenga, pomwe ku Chinsapo, Mgona ndi Area 25 kuli nkhuti zambiri za oumba njerwa. Maenje ena amakwiriridwa ndi zinyalala, kenaka munthu n'kugula malowo n'kumangapo. Mvula ikagwa kangapo, khoma la nyumbayo limang'aluka. Makina a GPR angathandize kupewa zimenezi.

Kodi GPR n'chiyani?
Ndi makina okhala pa kangolo ka matayala, kokankha ndi manja. Amatumiza mafunde a wailesi pansi. Mafundewo akagunda mwala, madzi, paipi kapena mphako amabwerera, ndipo kompyuta imajambula chimene agunda ndi kuya kwake.

Amathandiza chiyani pafupi ndi kwale?
1. Kupeza ming'alu m'thanthwe yomwe yadza chifukwa chophulitsa miyala.
2. Kuzindikira dzenje lokwiriridwa musanaike maziko a nyumba kapena chimbudzi.
3. Kuona pamene madzi apansi ayambira, makamaka m'dothi lamchenga. Kuyeza kukabwerezedwa chaka ndi chaka, zimadziwika ngati madziwo akutsika.
4. Kulondola mapaipi a Lilongwe Water Board kuti okumba asawaboole.

Kagwiritsidwe ntchito
Lambulani malo, chotsani zitsulo ndi mawaya. Katswiri amakoka zingwe m'mizere yotalikirana mofanana, n'kumakankha makinawo pang'onopang'ono mzere uliwonse. Iyeyo ndiye amamasulira zithunzi, chifukwa kwa wosaphunzira zimangooneka ngati mizere yokhotakhota.

Pomwe amalephera
Dothi lakatondo, lomwe ndi lochuluka mu Lilongwe, limameza mafunde, makamaka likanyowa. Pamenepo makinawa mwina sangaone kupitirira mita imodzi, pomwe pamchenga wouma kapena pathanthwe amafika mamita angapo. Choncho yezani m'chilimwe, mvula isanayambe. Makinawa sanena ngati madzi ali abwino kumwa, ndipo sapeza golide.

Zimene lamulo likunena
Lamulo loteteza chilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zazikulu ngati za kwale ziunikidwe kaye momwe zingakhudzire anthu ndi chilengedwe, ndipo bungwe loona za chilengedwe la MEPA ndi lomwe limavomereza.

Mafumu, makhansala ndi makomiti a chitukuko, funsani mwini kwale akuonetseni lipoti la kuunikako. Inu ogula malo, funsani anthu okhalitsa m'deralo ngati pamalopo panali dzenje, ndipo payezedwe musanapereke ndalama.