Phunziro Loyenda pa Foni: Tilikonze Motani?

Sukulu za m'Zambia zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ambiri anati maphunziro asamukire pa intaneti. Mawuwo anamveka bwino ku Lusaka. Kuno ku Petauke ndi ku Nyimba, munthu akapatuka mu Great East Road kulowera kumidzi, netiweki ya MTN, Airtel kapena Zamtel imayamba kudukaduka, ndipo foni imene alimi ambiri ali nayo ndi ya mabatani. Pokonza phunziro, tiyambire pa foni imeneyo, osati pa kompyuta ya mu ofesi.

Phunziro likhale lopepuka. Kanema wa mphindi khumi amatha bandulo ndi batire, pamene mawu ojambulidwa a mphindi ziwiri amatsika msanga pa WhatsApp, amasamutsidwa ndi Bluetooth kupita pa foni ina, ndipo amafika ngakhale kwa wosadziwa kuwerenga. Tisaiwale 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri: kutchaja foni kunali kovuta. Phunziro lofuna netiweki nthawi zonse limafera m'njira.

Uthenga umodzi unyamule ntchito imodzi. Titenge chitsanzo cha ulimi wa m'maenje. Dzenje limakhala masentimita 30 m'litali, 15 m'lifupi ndi 20 kuya. Maenje amatalikirana masentimita 70, mizere 90. Manambala asanu onsewa akakwana mu SMS ya zilembo 160, sitinganene kuti taphunzitsa, pakuti kumunda kulibe tepi. Tiuze mlimi adule kamtengo ka pakati pa mizere, amange tizitsekero ta mabotolo pa chingwe posonyeza pokumba, ndipo ayese kuya ndi dzanja lake, pafupifupi kuchokera kunsonga ya chala kufika pamfundo. Tinenenso chifukwa chake: dzenje losazama silibowola dothi lolimba la pansi, choncho madzi ndi mizu sizilowa. Munthu wodziwa chifukwa sadumpha muyeso dzuwa likatentha.

Nthawi nayo ndi mbali ya phunziro. Za maenje zifike tikangokolola, osati mu Novembala mitambo itayamba kale kuda. Za ntchembere zandonda, zimene zinalowa m'dziko muno kumapeto kwa 2016, zifike chimanga chikangomera, ndi chithunzi chimodzi chojambulidwa pafupi, choonetsa chizindikiro chonga Y wozondoka pamutu ndi madontho anayi chakumchira.

Kusukulu timawerenga Chinyanja, koma panyumba ambiri amalankhula Chinsenga. Zolemba zikhale m'Chinyanja. Mawu ojambulidwa alankhulidwe ndi mlimi wa konkuno.

Pali funso limene timalilambalala: foni ili m'thumba la yani? Kawirikawiri ili kwa bambo, ndipo bambo akapita nayo ku boma, mayi wopalira samva kanthu. Nchifukwa chake phunziro lipite kwa mtsogoleri wa gulu, limvetseredwe pamodzi, wina afunse, wina abwereze. Pomaliza gulu likumbe maenje atatu ndi kutitumizira chithunzi, kamtengo koyesera kali m'dzenje, kuti mlangizi aone ngati kuya kwakwana phunziro lachiwiri lisanatumizidwe.