Greg Rutherford ndi sayansi ya kulumpha mamita 8

Pa 4 August 2012, ku London, Greg Rutherford analumpha mamita 8.31 n'kupata mendulo ya golide ya Olympics pa long jump. Dziko la Britain linali lisanapambanenso mpikisanowu kumbali ya amuna chipambanire Lynn Davies mu 1964. Tengani tepi mukayeze mtunda umenewu pabwalo la sukulu, mukagwira pakamwa.

Rutherford anabadwira ku Milton Keynes mu 1986, ndipo anali waliwiro zedi: anathamangapo mamita 100 m'masekondi 10.26. Ine ndimati chinsinsi chake chagona pamenepa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mtunda timaupeza pochulukitsa liwiro ndi nthawi. Tiyerekeze kuti wolumpha wanyamuka akupita kutsogolo pa mamita 9 pa sekondi, n'kukhala m'malere masekondi 0.85. Tikachulukitsa tipeza mamita 7.65. Mtunda wotsalawo amaupeza makamaka potambasulira miyendo kutsogolo pomwe akutera mumchenga. Akangochoka pansi, basi, alibenso popondera kuti awonjezere liwiro, ndipo mphamvu yokoka ya dziko imakhala ikumubweza.

Mwina mu fizikisi munamva kuti chinthu chimafika patali chikaponyedwa pa madigiri 45. Nanga bwanji akatswiri amanyamuka pa madigiri 20 kapena kuyandikira pamenepo? Phazi limangokhudza thabwa lonyamukira kanthawi kochepa, kongopitirira pang'ono masekondi 0.1. Kuti munthu akwere pa 45 ayenera kuchepetsa liwiro, ndiye wataya chomwe chikanamufikitsa kutali.

Kanthawi kameneka n'kamenenso kamavulaza, chifukwa mwendo umodzi umasenza mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kangapo. Rutherford ankavulala kawirikawiri mnofu wakumbuyo kwa ntchafu. Mphunzitsi wake Dan Pfaff, wa ku America, anamuthandiza kusintha kapondedwe kake pofika pathabwa.

Zipatso zinaoneka. Mu 2014 analumpha mamita 8.51, kuposa wina aliyense wa ku Britain, n'kupambana ku Commonwealth Games ku Glasgow ndi pa mpikisano wa mayiko a ku Ulaya ku Zurich. Mu 2015 anakhala katswiri wa dziko lonse ku Beijing. Anapuma mu 2018.

Nayi ntchito yanu, anzanga: liwiro likakwera kufika pa mamita 9.5 pa sekondi, nthawi n'kukhala yomweyo, wolumpha awonjezera masentimita angati?