Agogo Anakulira ku Artane: Tiyambire Pati?

Funso: Amuna anga ndi a ku Ireland. Akuti agogo awo aamuna anakulira ku Artane, pasukulu ya ntchito zamanja. Kodi anapalamula? Nanga mbiri yawo tingaipeze kuti?

Yankho: Mtima pansi, mayi. Sukulu zotere zinayamba ku Ireland potsatira lamulo la 1868, ndipo woweruza ankatumizako ana amasiye, opemphetsa ndi osowa owasamalira. Mlandu wa ambiri unali umphawi basi. Sukulu ya Artane, ku Dublin, inatsegulidwa mu 1870, ndipo a Christian Brothers anaiyendetsa mpaka 1969. Cholinga chinali kuphunzitsa anyamata utelala, ukalipentala, kusoka nsapato ndi ulimi kuti adzadzidalire. Pakamwa zinkamveka bwino, koma lipoti la Ryan la 2009 linaulula kumenya ndi nkhanza zoopsa m'sukuluzi.

Yambani ndi kalembera wa 1901 ndi 1911, yemwe ndi waulere pa intaneti ku National Archives of Ireland. Kenako fufuzani mabuku a makhoti a Petty Sessions, momwe munkalembedwa chifukwa chomutumizira mwana. Lemberaninso a Christian Brothers, muwapemphe za m'kaundula wolandirira ana. Musanalembe, pezani kaye chaka ndi malo omwe agogowo anabadwira.