MALOTO OOPSA A ANTHU AKULU: PHUNZIRO LA APHUNZITSI NDI AKRISTU A KU CHIGWA

Pali nthenda ina imene anthu akulu sakonda kuitchula pa gulu, ngakhale iwasautse zaka zambiri. Mwana akalota zoopsa alira, amake namfungatira, ndipo kukacha waiwala zonse. Koma bambo wa ndevu zake, kapena mai amene analera ana asanu ndi awiri, akadzidzimuka pakati pa usiku, thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda ngati ng'oma, angokhala tsonga pa mphasa nadikira kuti tambala alire. Kukacha sauza munthu, pakuti aopa kusekedwa. Inu aphunzitsi a m'midzi yoyandikana ndi Kapichira mudziwa bwino kuti anthu otere alipo m'mipingo mwanu, makamaka chiyambire chaka cha 2022.

Pa 24 Januwale chaka chimenecho namondwe wotchedwa Ana anagwetsa mvula yosalekeza ku mapiri ndi ku chigwa konse. Shire anasefukira nagumula damu la pa Kapichira, ndipo makina opanga magetsi, a mphamvu ya mamegawati pafupifupi 130, anaima kufikira mu 2023. Za magetsizo zinalembedwa kwambiri m'nyuzi. Koma kumunsi kwa mathithiwo, m'midzi ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje, madzi analowa m'nyumba anthu ali m'tulo; ena anachezera m'mitengo, akumva kulira kwa mbuzi zao zikukokoloka mu mdima. Ndipo sikunali koyamba kapena kotsiriza. Chigumula cha mu Januwale 2015 chinatsekereza anthu a ku Makhanga. Mu Malichi 2019 kunadza madzi a Idai. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, nasiya oposa 500,000 opanda pokhala. Palinso akuluakulu pakati pathu amene anathawa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Rome mu 1992, ndipo ena mwa iwo amvabe mfuti m'tulo mwao, chikhalirecho papita zaka zoposa 30.

Damu linakonzedwa, nyumba zambiri zinamangidwanso, koma munthu amene anaona mwana wake akupulumuka m'manja mwake salandira msanga tulo take takale.

CHIMENE CHICHITIKA MUNTHU ALI M'TULO

Tiyambe ndi za thupi, pakuti Mulungu ndiye analilenga, ndipo kudziwa machitidwe ake kuchotsa mantha ambiri. Mu 1953, ku Chicago, Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman anaona kuti munthu wogona akhala ndi nthawi zina zimene maso ake ayendayenda msangamsanga m'kati mwa zikope, ndipo ukamdzutsa nthawi imeneyo, kawirikawiri akuuza kuti analikulota. Tulo ta mtundu umenewu, timene akatswiri atitcha REM, tibwera pafupifupi mphindi 90 zilizonse, ndipo titalika kwambiri cha kum'bandakucha. Nchifukwa chake maloto oopsa akonda kufika tambala woyamba ali pafupi kulira. Pa nthawi yomweyo bongo ugwira ntchito zolimba, makamaka mbali yake yosunga mantha, pamene mbali yoweruza zinthu mofatsa ipumula. Tsono zimene munthu anaziona masana a tsoka lake zibwerera ndi mphamvu zao zonse, wopanda wozidzudzula kuti zinapita kale.

Palinso chinthu china chimene chaopsa anthu athu kopambana. M'tulo ta maloto thupi limangidwa, minofu ya manja ndi miyendo ifooka, kuti munthu angadzipweteke pochita zimene alikulota. Nthawi zina maganizo adzuka thupi lisanamasuke. Munthu atsegula maso, aona denga la nyumba yake, koma sangathe kusuntha chala kapena kufuula; amva ngati chinthu cholemera chamkhalira pa chifuwa, mwina aona chithunzithunzi chitaima pa khomo. Zitenga kamphindi, kenaka zitha zokha. Anthu a mitundu yonse adziwa zimenezi, ndipo mitundu yambiri inazipatsa dzina la mzukwa wa kwao. Zikonda kugwira munthu wotopa, wosagona mokwanira, ndi wogona chagada.

Malungo nawo abweretsa maloto osokonezeka, ndipo kuno ku chigwa malungo sasowa. Mowa upondereza tulo ta maloto usiku ukamayamba, koma ukayamba kutha m'thupi malotowo abwerera mwaukali. Chotero bambo amene amwa kachasu kuti agone adzigulira yekha chimene alikuthawa. Mankhwala ena a kuchipatala achita chimodzimodzi: efavirenz, amene anali m'mapiritsi a ma ARV a anthu ambiri dziko lathu lisanayambe kusinthira ku dolutegravir mu 2019, anadziwika kwambiri ndi maloto achilendo. Wokayika mankhwala ake akafunse kuchipatala, asawaleke yekha.

LOTO LITHA, KOMA KULEMERA KWAKE KUTSALA

Tiyerekeze mai wina amene alota kawirikawiri madzi akulowa pansi pa chitseko. Adzuka, apeza pansi pali pouma. Nzeru zake zimuuza kuti linali loto chabe, koma thupi silikhulupirira. M'mawa apita kumunda mutu ukuwawa, khasu likumlemera, akalipira ana pa chinthu chaching'ono, ndipo madzulo akuyandikira ayamba kuda nkhawa, pakuti mphasa imene inali malo opumulira yasanduka malo a nkhondo. Achedwetsa kugona, adzuka kukasuzumira kunja mvula ikangogunda pa malata. Kusagonako kuonjeza kutopa, kutopa kuonjeza maloto, ndipo chingwe chimka chikumangika. Madokotala anapatsa dzina nthenda ya mtima yotsata zoopsa zotere mu 1980, ataona asilikali ambiri obwera ku nkhondo ya ku Vietnam, ndipo maloto obwerezabwereza ndi chimodzi mwa zizindikiro zake zazikulu.

Malembo Oyera sanabise zimenezi. Yobu, pa mutu 7, adandaula kuti ngakhale pa kama pake sapeza mpumulo chifukwa cha maloto omuopsa. Buku la mwana wa Sira, pa mutu 40, lifotokoza munthu wovutika m'tulo monga wothawa ku nkhondo, amene podzuka adabwa kuti palibe chomthamangitsa. Ngati Yobu wolungama uja analota zoopsa, Mkristu wa ku Kapichira asachite manyazi kunena kuti iyenso alota.

LOTO SI MBONI

Tsono tafika pa mfundo imene phunziro lino lalembedwera. Makolo athu sanapeputse maloto, ndipo ifenso sitinena kuti Mulungu sangalankhule mwa njira imeneyi. Analankhula ndi Yosefe Woyera kuti apulumutse Mwana Yezu. Koma Papa Gregori Wamkulu, amene anamwalira mu 604, anaphunzitsa kuti maloto ali ndi magwero asanu ndi limodzi, ndipo awiri oyamba pa mndandanda wake ndiwo mimba yokhuta ndi mimba ya njala. Anachenjeza kuti popeza magwero ngambiri chotere, nkovuta kudziwa kumene loto lachokera, ndipo munthu asafulumire kulikhulupirira. Mutu 34 wa buku la mwana wa Sira uchenjezanso mwamphamvu anthu otsamira pa maloto.

Taonani chimene chichitika chenjezo limeneli likaiwalika. Bambo alota nkhalamba ya pafupi ndi nyumba yake ikumtsamwitsa. Adzuka ali ndi mkwiyo weniweni, pakuti mantha a m'loto satha msanga, ndipo mtima wochita mantha ufunafuna wina woti umloze chala. Kukacha saipatsa moni nkhalamba ija. Auza mkazi wake, mkazi auza anzake pa mjigo, wina akumbutsa kuti mwana wa uje anadwala chaka chatha, ndipo sabata isanathe gogo uja alibenso wompalira moto. M'dziko muno nkhalamba zagwetseredwa nyumba, zina zaphedwa, pa milandu yoyamba motere. Nanga nkhope ya gogoyo inalowa bwanji m'loto? Inalowa chifukwa bongo umanga maloto ndi nkhope zimene tiziona tsiku ndi tsiku, ndiponso ndi nkhani zimene tinazimva tili ana. Amene anakula akumva kuti afiti ndi nkhalamba, akapanikizidwa usiku aona nkhalamba. Loto lionetsa zimene zili mumtima mwa wolotayo. Za mnzake amene anali gone kwao silidziwa kanthu.

Lamulo la boma la chaka cha 1911 linaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma ife tili ndi lamulo lakale koposa, lachisanu ndi chitatu, loletsa kunamizira mnzathu. Mphunzitsi amene amva Mkristu akuti, ndinamlota uje, aime nji pomwepo. Amumvere chisoni wolotayo, pakuti kuvutika kwake nkoona, koma akane poyera kuti dzina la munthu lituluke m'nyumbamo. Kupita kwa woombeza kuti akatanthauzire loto ndiko kuthira mafuta pa moto, ndipo ndanena kale m'misonkhano ya aphunzitsi kuti mapemphero ena a masiku ano, amene afunafuna mdani m'loto lililonse, sasiyana kwenikweni ndi ula ngakhale atchule dzina la Yezu.

Ena avutika mwa njira ina: alota akuchita choipa, kapena akulephera kupulumutsa mwana, nadzuka ndi chikumbumtima chowatsutsa. Auzeni kuti palibe tchimo popanda kudziwa ndi kufuna, ndipo munthu wogona alibe ufulu wosankha. Augustino Woyera yemwe anavutika ndi maloto osayenera atakhala kale episkopi, nazindikira kuti zochitika m'tulo sizili mlandu wa munthu wodzuka. Ndipo amene alota mbale wao wotengedwa ndi madzi, amene mtembo wake sunapezeke, asaganize kuti wakufayo wakwiya. Ndi maliro amene sanaliridwe mokwanira, pakuti panalibe manda oti anthu aimepo. Banja lotere lipemphetse Misa, litchule dzina la malemuyo pamaso pa mpingo, ndipo abale asonkhane monga achitira pa maliro ena onse.

CHOCHITA MPHUNZITSI

Choyamba ndicho kumvetsera. Wolira samgwira pakamwa. Munthu akayamba kufotokoza loto lake musamdule ndi mau akuti limbani mtima, kapena akuti pempherani kwambiri, ngati kuti kulota kwake kwadza chifukwa cha chikhulupiriro chochepa. Musamkakamizenso kunena zonse za usiku wa chigumula ngati sanakonzeke. Mfunseni kuti malotowo anayamba liti, abwera kangati pa sabata, adwala malungo kapena iai, akumwa mankhwala anji, ndiponso ngati mowa walowapo.

Pali njira ina yosalira ndalama imene madokotala anaiyesa naipeza yothandiza. Mu 2001 Barry Krakow ndi anzake, ku New Mexico m'dziko la America, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa amai 168 amene anachitidwa nkhanza za chigololo, ndipo ambiri mwa amene anaphunzitsidwa njirayi maloto ao oopsa anachepa. Njira yake ndi iyi. Masana, dzuwa lili ng'aa, munthu asankha loto limodzi, poyamba losaopsa kwambiri, nalisintha monga afunira: madzi aja afika pa khomo nabwerera, kapena bwato lifika, onse nakwera kumtunda. Tsono akhala pa mthunzi mphindi 10 kapena 20 tsiku lililonse, akuona m'maganizo mwake loto latsopanolo. Pakapita masabata angapo bongo uzolowera njira yatsopano, monga ng'ombe zizolowera mkwaso wina wopita ku madzi. Wosadziwa kulemba angathe kulifotokoza pakamwa kwa mnzake wokhulupirika.

Pemphero la madzulo lili ndi malo ake. Kuyambira kalekale Eklezia, pa mapemphero ake otsiriza a tsiku, apempha Mulungu kuti atchinjirize ana ake ku maloto oipa. Banja lipemphere pamodzi lisanagone, mwina chigawo chimodzi cha Korona, ndipo wovutikayo asagone yekha m'nyumba. Akadzidzimuka usiku ayatse nyali, akhudze pansi pouma, amwe madzi, atchule tsiku ndi malo amene ali. Wogona naye amgwire dzanja ndi kumuitana dzina lake mofatsa. Ndipo mudzi umene unagwirizana kale za kumtunda kothawira ndi za munthu woimba mluzu madzi akayamba kukwera, anthu ake agona bwinopo nyengo ya dzinja, pakuti mtima suyeneranso kulonda wokha usiku wonse.

Koma mphunzitsi adziwe polekeza nzeru zake. Maloto akapitirira mwezi wathunthu nalepheretsa munthu kugwira ntchito, kapena munthuyo akayamba kudzipatula, kumwa kwambiri, kapena kunena kuti kuli bwino kufa, pamenepo musachedwe, pakuti madokotala anapeza kuti maloto oopsa obwerezabwereza ayenda pamodzi ndi maganizo ofuna kudzipha. Uzani Bambo Mfumu wa parishi, ndipo mumperekeze wodwalayo ku chipatala cha boma pa Chikwawa, ku Montfort ku Nchalo, kapena ku Trinity ku Muona kwa amene ali kutsidya la kum'mawa. Matenda akakula, iwo adziwa njira yomtumizira ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Zomba. Musangomlozera njira, pakuti munthu wamanyazi abwerera pa chipata. Pitani naye, ndipo ngati mau amkanika pamaso pa dokotala, yambani ndinu kufotokoza.