Musaiope 142857, Ingoifunsani Mafunso

Anzanga a Fomu 2 ndi Fomu 4, mayeso ayandikira. Ambirife tikaona nambala yaitali pa pepala la masamu mtima umangoti phaa, kenaka timalemba mongoganizira kuti ndi prime n'kuthawira funso lina. Malikisi amathera pomwepo. Lero titenge nambala imodzi, 142857, tiifunse mafunso mpaka iulule zonse, popanda kakyuleta.

Funso loyamba: ndi even kapena odd? Yang'anani kumapeto kwake. Ikuthera ndi 7, ndiye ndi odd ndipo 2 sangaigawe. Nayenso 5 sangaigawe, poti sikuthera ndi 0 kapena 5.

Lachiwiri: nanga 3? Phatikizani madijiti ake: 1 + 4 + 2 + 8 + 5 + 7 = 27. Popeza 27 amagawika ndi 3, nayo nambala yathuyi igawika. Basi, nkhani ya prime yathera apa, iyi ndi composite. Mukaigawa ndi 3 katatu motsatizana mupeza 47619, kenaka 15873, kenaka 5291.

Lachitatu: kodi 11 angagawe 5291? Phatikizani madijiti modumphadumpha: 5 + 9 = 14, ndipo 2 + 1 = 3. Kusiyana kwake ndi 11, ndiye zitheka: 5291 ÷ 11 = 481. Mukayesa 7 pa 481 patsala 5, koma 13 alowa bwinobwino: 13 × 37 = 481.

Choncho 142857 = 3³ × 11 × 13 × 37. Mukafuna kudziwa kuchuluka kwa ma factor ake, onjezerani 1 pa power iliyonse n'kuchulukitsa: 4 × 2 × 2 × 2 = 32.

Tsopano onani chodabwitsa:
142857 × 2 = 285714
142857 × 3 = 428571
142857 × 4 = 571428
142857 × 5 = 714285
142857 × 6 = 857142

Mwaona? Madijiti ndi omwewo ndipo sakudumphana, chikusintha ndi poyambira pokha. N'chifukwa chake amaitcha cyclic number, kunena kuti nambala yozungulira. Mukafika pa 7 kuzungulirako kwatha: 142857 × 7 = 999999.

Si matsenga ayi. Gawani 1 ndi 7 pa pepala. Zotsala zibwera motere: 3, 2, 6, 4, 5, 1, ndipo mukafika pa 1 mwabwerera pomwe munayambira. Ndiye 1/7 = 0.142857142857… osatha. Mukagawa 2 ndi 7 mwangolowera pakati pa ulendo womwewo, ndipo 2/7 = 0.285714…

Ntchito ya sabata ino: pezani ma prime factor a 76923, ndipo munene kuti ili ndi ma factor angati. Yambani ndi mafunso atatu aja. Mayankho mubweretse ku kalabu ya masamu Lachitatu tikaweruka. Osakopera kwa mnzanu, m'chipinda cha mayeso mudzakhala nokha.